Chiswe cha m'Nkhalango ndi Chiswe cha m'Munda ku Bowe

Mlimi wa ku Bowe akapeza chimanga chake chitagwa pansi m'mwezi wa Malichi, pamene sikudaombe mphepo yamkuntho ndipo ng'ombe sizidalowe m'munda, safunsa kawiri, amangoti, "Ndi chiswe." Atatero amatembenukira ku chulu chimene chili m'malire a munda wake, nayamba kulingalira za khasu ndi mankhwala. Ponena kuti ndi chiswe amakhala atalasa, koma poloza chulucho kawirikawiri amakhala akuweruza mlandu mboni zisanalankhule. Dzina limodzi lakuti chiswe laphimba mitundu yambiri, yosiyana pa kadyedwe, pa kamangidwe ka nyumba, ndiponso pa zimene imachita m'nthaka. Mwa mitundu yonseyo yoononga mbewu ndi yowerengeka, ndipo mdani wamkulu wa chimanga samanga chulu konse. Mphunzitsi amene adzakhala pakati pa alimi ndi kuphunzitsa ana awo ayenera kuidziwa bwino nkhani imeneyi.

Dziko lake

Bowe ali chakumpoto kwa boma la Dowa, kudera la Madisi, ndipo ndi limodzi mwa magawo a ulangizi wa zaulimi a m'bomalo. Anthu ake amalima chimanga, fodya, mtedza, soya ndi nyemba. Chakum'mawa dziko limanka likwera kufikira ku mapiri a Ntchisi, kumene kuli nkhalango yosungidwa ndi Boma. Pamwamba pa phiri pali mitengo italiitali yosayoyola masamba, ndipo m'munsi mwake muli thengo la mitengo monga mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. Kale thengo lotere lidali ponseponse, kuyambira ku mapiriwo kufikira ku mtsinje wa Bua. Lero latsala kumanda, m'mapiri ndi m'nkhalango za Boma, pakuti anthu achuluka, minda yakula, ndipo fodya amafuna mitengo ya zigafa ndi nkhuni za m'mabani. Motero munthu woyenda kuchokera kuphiri kutsikira kumidzi amaponda nthaka za mitundu itatu: ya m'nkhalango, ya pa tsala, ndi ya m'munda wolimidwa chaka ndi chaka. Iliyonse ili ndi chiswe chake.

Maina a m'Chichewa

Makolo sadachione chiswe mwachisawawa, ndipo maina amene adasiya akuchitira umboni. Tizirombo toyera timene timanyamula dothi ndi kudya mitengo ndito chiswe. Amitu ikuluikulu yofiira, oluma mpaka kutulutsa magazi, ndiwo agang'a, amene ana amawawedza ndi udzu pa una wa chulu. Zamapiko zotuluka mvula ikagwa ndizo inswa, zimene ambiri amazitchanso ngumbi. Nyumba yake yoonekera pamtunda ndiyo chulu. Mafulufute, ngakhale nawonso amatuluka nthawi ya mvula ndipo amadyedwa, sali a fuko la chiswe ai. Iwo ndi nyerere zenizeni zimene zimakhala pafupi ndi chulu ndi kudya chiswe.

Chofunika kuona n'chakuti maina awa amagawa chiswe monga mwa maonekedwe ndi ntchito yake m'banja limodzi, pamene akatswiri a tizirombo amachigawa monga mwa mafuko. Chiswe, agang'a ndi inswa za pa chulu chimodzi ndi ana a mayi mmodzi. Koma chiswe chiwiri chooneka chofanana, china cha pa chulu, china cha m'phesi la chimanga, chingathe kukhala chosiyana monga asiyanira mbuzi ndi gwape. Azungu akale adachitcha nyerere zoyera, koma dzinalo n'losokeretsa, pakuti mbale weniweni wa chiswe ndi mphemvu, monga akatswiri a ku London adatsimikizira mu 2007. Padziko lonse padziwika mitundu ya chiswe pafupifupi 3,000, ndipo Africa ndiye ali ndi yambiri koposa maiko ena. Yoononga mbewu ndi nyumba sifika gawo limodzi mwa magawo 10.

Banja la pa chulu

Banja la chiswe limayamba ndi inswa ziwiri. Mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka, mu Novembala kapena Disembala, inswa zimatuluka zikwizikwi, ndipo zambiri zimathera m'mimba mwa mbalame, achule, abuluzi, nyerere ndi anthu. Zopulumuka zimathothola mapiko, yaimuna nitsata yaikazi, ndipo zimakumba kachipinda m'dothi. Yaikaziyo ndiyo imasanduka mfumukazi. Pa mitundu yomanga chulu chachikulu, mimba yake imakula kufikira kutalika kwa chala cha munthu ndi kupitirira, kotero kuti sithanso kuyenda. Imakhala m'chipinda cholimba pakati pa chulu pamodzi ndi mwamuna wake, niikira mazira oposa 20,000 tsiku lililonse, kwa zaka zoposa 10. Antchito ndiwo amafuna chakudya, kumanga ndi kulera ana. Asilikali, ndiwo agang'a aja, ntchito yawo ndi kulonda basi, ndipo sangathe ngakhale kudzidyetsa okha.

Chodabwitsa chachikulu chili m'kati. Chiswe cha pa chulu ndi mlimi. Udzu wouma, masamba ndi mitengo zimene antchito amadya kunja sizigayika zonse m'mimba mwawo. Pofika kunyumba amaumba nazo zisa zofewa za mabowo ambiri, ndipo pa zisazo amabzalapo bowa wa mtundu wotchedwa Termitomyces. Bowayo amafewetsa zolimba zonse, ndipo chiswe chimadya timibulu take toyera pamodzi ndi zisa zakale. Chulu chimamangidwa mwakuti mpweya uziyenda, ndipo m'katimo mumafunda mosasintha, pafupifupi madigiri 30, usana ndi usiku. Ulimi umenewu ndi wakalekale: mu 2016 akatswiri adalengeza kuti adapeza zisa zotere zosanduka mwala m'chigwa cha Rukwa ku Tanzania, za zaka 25 miliyoni zapitazo. Bowa wa utale, nyonzwe ndi manda, amene amayi amazula nthawi ya dzinja, ndi wa m'munda wa chiswe umenewu. Kumene kulibe chiswe cholima bowa, ndiwo zimenezi sizimera.

Mitundu yofunika kuidziwa

Woyamba ndi Macrotermes, mwini chulu chachikulu chimene pamamera mitengo ndi nsungwi. Ndiye mwini agang'a ndi inswa zonona. Amayenda usiku pansi pa denga la dothi limene amamanga pa udzu ndi pa zinyalala. Akafika pa mbewu amadula phesi m'tsinde monga ndi mpeni, ndipo amakonda kwambiri mbande za bulugamu zongowokedwa kumene. Kuononga kwake kumaoneka msanga, koma kumakhala pafupi ndi chulu chake.

Wachiwiri ndi Odontotermes pamodzi ndi Pseudacanthotermes. Awa ndi apakati pa msinkhu, ndipo nyumba zawo zambiri zili pansi, pamtunda pakungooneka kachitunda kapena mabowo. Ndiwo amene amamata dothi pa makungwa a mitengo, pa mizati ya chigafa ndi pa mapesi, nadya ali m'kati mwa dothilo.

Wachitatu ndi Microtermes ndi mbale wake Ancistrotermes, timene ndi tating'ono koposa tonse tolima bowa. Timeneti sitimanga chulu. Nyumba yake ndi tizipinda tambiri tobalalika pansi pa nthaka, tina tozama kupitirira mita imodzi, kalikonse kali ndi kachisa kake ka bowa kosaposa dzira la nkhuku. Timalowa mu mbewu kudzera ku mizu, n'kukwera m'kati mwa phesi, kudya zofewa ndi kutsekamo dothi. Kunja chimanga chimaoneka chamoyo, kufikira tsiku limene kamphepo kochepa kachigwetsa. Uyu ndiye mdani wamkulu wa chimanga ndi mtedza m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo mlimi amamupondaponda tsiku ndi tsiku osamuona.

Palinso mitundu yosalima bowa. Cubitermes amadya dothi lokhala ndi zoolerana, namanga kachulu kotuwa, kafupi, nthawi zina kokhala ndi chisoti ngati bowa. Amapezeka m'thengo ndi m'mbali mwa madambo, ndipo sakhudza mbewu. Trinervitermes, amene asilikali ake ali ndi mutu wosongoka ngati mphuno yolavula madzi onunkha, amadula udzu ndi kuusunga m'kachulu kake kozungulira. Coptotermes amadya m'kati mwa mitengo yamoyo ndi matabwa a nyumba, ndipo msilikali wake akaputidwa amatulutsa madzi oyera ngati mkaka.

Nkhalango ikasanduka munda

M'thengo losadulidwa mitundu yonseyi imakhala pamodzi, ndipo palibe umene umachuluka kopitirira muyeso. Chakudya chilipo chokwanira: masamba ogwa, nthambi zouma, zitsa ndi udzu. Adani aliponso ambiri: linthumbwi, nyerere zazikulu zakuda zimene zimayenda pa mzere kukathira nkhondo chiswe, nkhanga, nkhwali, nengo amene amakumba chulu usiku, ndi ngaka. Mthunzi umasunga chinyezi, ndipo mitundu yodya dothi, imene matupi ake ndi ofewa, imakhala mwamtendere.

Mitengo ikadulidwa ndi kuzulidwa zitsa, zinthu zimasintha motsatana. Dzuwa limaumitsa nthaka ya pamwamba, ndipo khasu limaphwanya nyumba zonse zosazama. Oyamba kutha ndi odya dothi aja, amene sadalakwire munthu. Nyerere zodya chiswe zimachepa chifukwa zisa zawo zagumulidwa, ndipo nengo ndi ngaka amathawa kapena kuphedwa. Koma Microtermes, amene ali pansi pomwe khasu silifika, ndipo ali ndi nkhokwe yake ya bowa yomudyetsa m'chilimwe, amatsala yekha wopanda mdani ndi wopanda womulanda chakudya. Tsono mlimi akasonkhanitsa mapesi ndi kuwatentha, monga ambiri amachitira pososa kapena posaka mbewa, m'munda simutsala chouma chilichonse, ndipo chakudya chokha chimene chiswe chingapeze ndicho mbewu. Izi zidaonekera bwino pa kafukufuku wa T. G. Wood ndi anzake ku Mokwa, m'dziko la Nigeria, m'zaka za m'ma 1970: pamene munda ulimidwa zaka zambiri, mitundu ya chiswe imachepa, koma Microtermes amachuluka. Ndiko kunena kuti munda wakale wa kumudzi uli ndi mitundu yochepa kuposa munda wa m'mphepete mwa nkhalango, koma yotsalayo ndiyo yoononga.

Mmene mbewu zimaonongekera

Chiswe sichikonda mbewu yathanzi, yodzala madzi. Chimadikira yofooka: yofota ndi ng'amba, yanjala chifukwa nthaka yaguga, yodulidwa mizu ndi khasu, kapena yoboola kale kapuchi. N'chifukwa chake chaka cha mvula yodukizadukiza madandaulo amachuluka. Pa chimanga, kuonongeka kumakula pamene chayamba kukhwima, mizu ikuuma. Phesi likagwa, chisononkho chimakhudza dothi, ndipo chiswe china, makoswe ndi chuku zimatsiriza ntchito. Chimanga chochedwa kukololedwa, kapena chokhalitsa pa mkukwe, chimapatsa chiswe nthawi imene chikufuna. Alimi ambiri amanenanso kuti kubandira mochedwa kumaitana chiswe, ndipo m'mawuwo muli nzeru, pakuti khasu limadula mizu, ndipo udzu wokwiriridwa pa tsinde umasanduka nyambo.

Pa mtedza vuto ndi la pawiri. Chiswe chimalowa mu muzu waukulu, mbewu n'kufota. Chimapalanso makoko, n'kuwasiya okhakhala ndi obooka. M'mabala amenewa mumalowa chuku chotchedwa Aspergillus flavus, chimene chimapanga poizoni wa aflatoxin, woononga chiwindi cha munthu ndi wokanitsa mtedza pa misika ya kunja. Kwa mlimi wa ku Dowa ndi Ntchisi, amene mtedza ndi ndiwo komanso ndalama, chiswe chochepa m'nthaka chingathe kutsitsa mtengo wa thumba lonse. Chinangwa chimaonongeka pobzala, pamene mitengo yake yauma isanaphuke. Mizati ya nkhokwe ndi ya zigafa imadyedwa ngati ili ya mitengo yofewa. Akale ankasankha muwanga ndi mlombwa, imene chiswe sichiilowa msanga, koma mitengo imeneyi yasowa.

Mangawa amene nthaka ili nawo kwa chiswe

Henry Drummond, mphunzitsi wa ku Scotland amene adayenda m'dziko la Nyanja mu 1883, adalemba m'buku lake la Tropical Africa la 1888 kuti ntchito imene nyongolotsi zimagwira m'nthaka ya kwawo, kuno imagwiridwa ndi chiswe. Kafukufuku wa pambuyo pake wavomereza zambiri za ganizo limeneli. Chiswe chimakweza dothi la makande kuchokera pansi, chimalowetsa zinyalala m'nthaka, ndipo njira zake zimamwetsa madzi a mvula amene akadathamanga pamtunda ndi kukokolola nthaka, makamaka m'minda ya m'mapiri monga ya ku Ntchisi. Ku Burkina Faso, mlimi Yacouba Sawadogo, amene adalandira mphotho ya Right Livelihood mu 2018, adatsitsimutsa nthaka youma gwa pokumba maenje ndi kuthiramo manyowa kuti aitane chiswe chidzaboole pansi.

Kuno kwawo alimi amadziwa kuti pa chulu maungu ndi chimanga zimakondwa, ndipo ena amagumula dothi lake ndi kuliwaza m'munda wa mchenga. Dothi lomwelo limaumba njerwa zolimba. Inswa zokazinga ndi ndiwo ya mafuta ndi zomanga thupi pa nyengo imene nkhokwe zambiri zatha, ndipo chulu cha inswa chili ndi mwini wake, amene amachisesa, kuchifunda ndi udzu ndi kutchera mphika m'dzenje. Brian Morris, amene adalemba za bowa wa m'Malawi mu 1987 ndi za tizirombo ndi moyo wa anthu mu 2004, adasonyeza kukula kwa malo amene chiswe chili nawo pa chakudya cha m'midzi. Wothira mankhwala m'chulu amataya inswa, utale ndi dothi labwino, pamene chimanga chake chidzagwabe chaka chamawa, chifukwa wolakwayo sadakhudzidwe.

Njira zotetezera mbewu

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu adakhulupirira kuti mankhwala a aldrin ndi dieldrin athetsa nkhani ya chiswe. Adaphadi chiswe, koma adakhalitsa m'nthaka zaka zambiri, nalowa m'madzi, m'nyama ndi m'matupi a anthu, kufikira adaletsedwa pa pangano la maiko la ku Stockholm la 2001. Mankhwala ololedwa alipo, ena opaka ku mbewu isanabzalidwe, koma ayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Boma loona za mankhwala a mbewu, ndi kugwiritsidwa ntchito monga mwa malangizo a mlangizi. Ogulidwa m'timabotolo topanda dzina pa msika ndi ngozi kwa banja lonse.

Njira zokhalitsa ndi zija zotsata khalidwe la chiswecho. Yoyamba ndi kulimbitsa mbewu: kubzala ndi mvula yoyamba, kuthira manyowa oola bwino, kupalira msanga, ndi kusadula mizu pamene chimanga chamasula. Yachiwiri ndi kusatentha mapesi, kuti chiswe chipeze chouma chodya, nthaka isunge chinyezi, ndi nyerere zipeze pobisala. Koma zophimbirazo zisaunjikidwe pa tsinde penipeni pa mbewu. Yachitatu ndi kasinthasintha ndi kusakaniza mbewu, monga chimanga ndi soya, mtedza kapena nandolo. Yachinai ndi kubwezera mitengo m'munda. Pa malo a kafukufuku a Msekera, ku Chipata m'dziko la Zambia, Gudeta Sileshi ndi anzake adafalitsa mu 2005 zimene adapeza, kuti chimanga chobzalidwa pamene padali mitengo yobwezera chonde monga gilisidiya ndi lukina chidagwa pang'ono poyerekeza ndi chimanga cholimidwa chokha chaka ndi chaka ndi feteleza. Yachisanu ndi kukolola pa nthawi yake, kutola msanga zisononkho zakugwa, ndi kukumba mtedza ukangokhwima. Alimi ena amathira phulusa m'maenje a mbande ndi pa mizati ya nkhokwe, ena amanyika masamba a ombwe kapena nimu. Izi zimathandiza kwa kanthawi, ndipo zimafuna kubwereza. Chulu chiyenera kukumbidwa pokhapokha chitayandikira nyumba kapena nazale, ndipo pamenepo chofunika ndi kuchotsa mfumukazi. Akulu adati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Nkhokwe yoyenderedwa kawirikawiri ndi munda woonedwa sabata ndi sabata sizidyedwa mwakachetechete.

Ntchito ya mphunzitsi

Phunziro ili silifuna zipangizo zogula. Ana a sukulu angathe kuzika timitengo touma ta mtundu umodzi m'malo atatu, m'thengo, pa tsala ndi m'dimba la sukulu, ndi kutizula patapita masabata awiri kuti aone kamene kadyedwa, ndi chiswe chimene chadya. Pozindikira mtundu ayang'ane msilikali, osati wantchito, pakuti antchito amafanana, koma mutu ndi mano a msilikali ndizo chizindikiro cha fuko lake. Angathenso kung'amba mapesi 20 akugwa ndi kuwerenga angati adadulidwa kunja ndi angati adadyedwa m'kati. Pamenepo adzaona okha ngati mlandu uli pa chulu kapena pansi pa mzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa mbali ya chiyankhulo ntchito ndi yofulumira. Agogo a m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi amasiyanitsa inswa monga mwa mwezi ndi ora limene zimatuluka, zam'mamawa, zamadzulo ndi zausiku, ndipo pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi dzina lake, limene limasiyana mudzi ndi mudzi. Popeza mtundu uliwonse wa chiswe uli ndi nthawi yake youlukira, maina amenewa ndi kalembera wa mitundu imene ili m'deralo, ndipo dzina limene ana salidziwanso nthawi zina limasonyeza mtundu umene udapita pamodzi ndi thengo. Mphunzitsi atume ana kukafunsa maina awa, awalembe m'kope pamodzi ndi mudzi, mwezi, nthawi ndi maonekedwe a chulu, ndipo kopelo lisungidwe pa sukulu kuti ophunzira a chaka chotsatira awonjezerepo.